Mhebri, Ahebri, Chihebri: Mbiri ya Dzina Limene Linadzera m'Chigiriki

Dzina lakuti Mhebri, limene limamveka Lamulungu lililonse m'matchalitchi a ku Nkolokosa, Chitawira, Zingwangwa, Limbe ndi kwina konse kumene anthu amawerenga Baibulo m'Chichewa, lili ndi mbiri ya zaka pafupifupi 3,000. Eni ake a dzinali ankalitchula kuti ivri. Agiriki analilemba kuti Hebraios, Aroma analitenga n'kulisandutsa Hebraeus, ndipo kuchokera m'zilankhulo ziwirizi linafalikira m'Mabaibulo a ku Ulaya mpaka kudzafika m'manja mwa omasulira a ku Blantyre ndi ku Mvera. Paulendo wonsewu tanthauzo lake linasintha kangapo. Poyamba linali dzina limene alendo ankaitanira ana a Israele, pambuyo pake linasanduka dzina lonyadira nalo, ndipo m'Chipangano Chatsopano nthawi zambiri limanena za chilankhulo cha munthu ndi makulidwe ake.

Mawu atatu a Chigiriki

Chipangano Chatsopano chinalembedwa m'Chigiriki, ndipo chili ndi mawu atatu ochokera pa tsinde limodzi. Oyamba ndi Hebraios, dzina la munthu, limene likachuluka limakhala Hebraioi. Limapezeka m'ndime zitatu zokha: Machitidwe 6:1, 2 Akorinto 11:22 ndi Afilipi 3:5. Achiwiri ndi Hebrais, mfotokozi amene amayenda limodzi ndi mawu akuti dialektos, kutanthauza chilankhulo. Amenewa ali pa Machitidwe 21:40, 22:2 ndi 26:14. Achitatu ndi Hebraisti, muonjezi amene amatanthauza kuti "m'Chihebri". Amapezeka kasanu m'buku la Yohane (5:2, 19:13, 19:17, 19:20 ndi 20:16) ndiponso kawiri m'buku la Chivumbulutso (9:11 ndi 16:16). Zolembedwa zina zakale zili ndi mawu achinayi, Hebraikos, pa Luka 23:38, koma zolembedwa zina zakale kwambiri zilibe mawuwa, motero Mabaibulo ambiri atsopano amawasiya.

Chigiriki chimasiyanitsa munthu ndi chilankhulo chake posintha mathero a mawu. Chichewa chimachita zomwezo posintha kumayambiriro kwa tsinde: Mhebri ndi munthu mmodzi, Ahebri ndi anthu ambiri, Chihebri ndi chilankhulo kapena chikhalidwe chawo, monga momwe zilili ndi Mchewa, Achewa, Chichewa. N'chifukwa chake omasulira sanavutike kupeza malo a dzinali m'Chichewa.

Gwero la dzinali

Mawu ambiri a Chihebri amamangidwa pa malembo atatu opanda liwu. Tsinde la ivri lili ndi malembo otchedwa ayin, bet ndi resh, ndipo mneni wochokera pa tsinde lomwelo, avar, amatanthauza kudutsa kapena kuwoloka. Dzina lakuti ever limatanthauza tsidya lina la mtsinje. Pa maziko amenewa pali maganizo atatu ofotokoza kumene dzina la Mhebri linachokera.

Maganizo oyamba amati dzinali linachokera kwa munthu. M'ndandanda ya mibadwo ya pa Genesis 10 ndi 11 muli Ebere, mwana wa Sela, wa m'banja la Semu mwana wa Nowa, ndipo Abrahamu ali m'badwo wachisanu ndi chimodzi kuchokera kwa iyeyu. Wolemba mbiri wa Chiyuda Josephus, amene anamaliza buku lake la mbiri ya Ayuda cha mu 93 AD, ankakhulupirira kuti Ahebri anatenga dzina kwa Ebereyu. Vuto la maganizowa ndi lakuti Ebere anali kholo la mitundu yambiri, kuphatikizapo ana a Yokitani amene anakakhala ku Arabia, koma Baibulo silitchula mitundu yonseyo kuti Ahebri.

Maganizo achiwiri amati Mhebri ndi munthu wa kutsidya, wowoloka mtsinje. Yoswa 24 imakumbutsa kuti makolo a Israele ankakhala kutsidya kwa mtsinje wa Firate, umene Mabaibulo ena amaulemba kuti Yufurate, Abrahamu asanasamukire ku Kanani. Kwa eni nthaka a ku Kanani, Abrahamu anali wobwera. Ayuda amene anamasulira buku la Genesis m'Chigiriki anamva dzinali motero, chifukwa pa Genesis 14:13, pamene dzinali likupezeka koyamba, sanalembe Hebraios. Analemba perates, kutanthauza munthu wochokera kutsidya.

Maganizo achitatu anabwera ndi ofukula zakale. Mu 1887, pamalo otchedwa Tell el-Amarna ku Igupto, panapezeka mapale a dongo oposa 300 olembedwa m'zaka za m'ma 1300 BC. Ambiri anali makalata a mafumu ang'onoang'ono a ku Kanani opita kwa Farao. M'makalatawo mafumuwo, kuphatikizapo Abdi-Heba wa ku Yerusalemu, akudandaula za anthu otchedwa Habiru kapena Apiru amene ankasokoneza mizinda yawo. Dzina lomweli linapezekanso m'zolembedwa za ku Mari, Nuzi, Ugarit ndi Igupto. Poyamba akatswiri ena anaganiza kuti apeza ankhondo a Yoswa. Koma zolembedwazo zitachuluka zinaonetsa kuti Habiru sunali mtundu umodzi wa anthu. Anali anthu osiyanasiyana opanda mudzi ndi munda: othawa ngongole, othawa nkhondo, aganyu, akapolo, asilikali olipidwa ndi achifwamba. Masiku ano akatswiri ambiri amati Habiru ndi Ahebri si gulu limodzi, ngakhale ena amaona kuti dzina limene poyamba linkanena za anthu apansi osowa kwawo likhoza kukhala kuti linadzamatirira pa mtundu umodzi.

Amene ankatchula dzinali

M'Chipangano Chakale mawu akuti ivri amapezeka nthawi zopitirira pang'ono 30, pamene dzina la Israele limapezeka nthawi zoposa 2,000. Chochititsa chidwi n'chakuti malo ochepawo amafanana. Pafupifupi paliponse, wolankhula ndi mlendo amene akunena za Aisraele, kapena ndi Mwisraele amene akudzifotokoza kwa mlendo.

M'nkhani ya Yosefe, mkazi wa Potifara ndiye akumutchula kuti Mhebri pomunamizira kwa antchito a m'nyumba ndi kwa mwamuna wake (Genesis 39). Wopereka chikho wa Farao akumukumbukira ngati mnyamata wa Chihebri (41:12), ndipo pa 43:32 akuti Aigupto ankanyansidwa kudyera pamodzi ndi Ahebri. M'mitu yoyambirira ya Eksodo dzinali likumveka m'nyumba ya Farao: azamba Sifira ndi Puwa, mwana wamkazi wa Farao pozindikira khanda la m'bango, ndi Mose pamene akuuza Farao za Mulungu amene wamutuma. M'buku la 1 Samueli kawirikawiri ndi Afilisti amene amalitchula, nthawi zina monyoza. Pa 13:19 akuletsa kuti m'dziko musakhale wosula zitsulo kuopa kuti Ahebri angasule malupanga ndi mikondo, ndipo pa 14:11 akuwaseka kuti akutuluka m'maenje momwe anabisala. Yona naye akudzitchula Mhebri poyankha amalinyero achilendo.

Gulu lina la ndime ndi la malamulo a ukapolo. Eksodo 21:2 ndi Deuteronomo 15:12 amalamula kuti kapolo wa Chihebri agwire ntchito zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo chaka chachisanu ndi chiwiri amasulidwe. Yeremiya 34 akudzudzula anthu a mu Yerusalemu m'masiku a Mfumu Zedekiya chifukwa chomasula akapolo oterowo kenaka n'kuwagwiranso. Apanso dzinali likuyenda ndi munthu wapansi.

M'chigawo cha kummwera kwa Malawi muli chitsanzo cha dzina lotere. Anthu ambiri amene anawoloka kuchokera ku Mozambique kuyambira m'zaka za m'ma 1890 n'kudzakhala ku Mulanje, Thyolo, Phalombe ndi Chiradzulu, ambiri a iwo akugwira thangata m'minda ya azungu, ankaitanidwa ndi ena kuti Anguru. Dzinalo linali la obwera, ndipo linadzakhala lonyoza. Mu 1943 Lewis Mataka Bandawe anayambitsa bungwe la Alomwe mu Blantyre, ndipo m'zaka zomwezo boma la atsamunda linavomera kusiya dzinalo n'kumalemba kuti Alomwe. Kusiyana kwake n'kwakuti Alomwe analikana dzina la alendo, pamene Ayuda analisunga n'kulikweza.

Chipangano Chakale sichitchula chilankhulo cha Aisraele kuti Chihebri. Yesaya 19:18 amachitchula chilankhulo cha Kanani, ndipo 2 Mafumu 18:26 ndi Nehemiya 13:24 amachitchula Chiyuda. Dzina lakuti Chihebri linayamba kulembedwa m'Chigiriki.

Kulowa m'Chigiriki

Alexander Wamkulu atagonjetsa maiko a kum'mawa kwa nyanja ya Mediterranean cha mu 332 BC, Chigiriki chinasanduka chilankhulo cha boma ndi malonda. Mumzinda wa Alexandria, umene unakhazikitsidwa mu 331 BC, munakhala Ayuda ambiri, ndipo ana awo anakula osamva chilankhulo cha makolo. Cha m'ma 250 BC, m'masiku a Mfumu Ptolemy II, mabuku asanu a Mose anamasuliridwa m'Chigiriki, ndipo mabuku ena anatsatira m'zaka 200 zotsatira. Baibulo limeneli limatchedwa Septuagint, kuchokera ku mawu a Chilatini otanthauza 70, chifukwa cha nkhani yakale yakuti omasulirawo analipo 72.

Mawu akuti Hebraios sanachokere mwachindunji ku ivri. Panthawiyo Ayuda ambiri ankalankhula Chiaramu, chilankhulo chapachibale ndi Chihebri chimene chinafala mu ulamuliro wa Asuri, Ababulo ndi Aperisi. M'Chiaramu dzina la mtundu limathera ndi "ai", ndipo Agiriki anawonjezerapo mathero awo akuti "os". Umo ndi momwenso anapangikira mawu akuti Ioudaios, Myuda. Lembo loyamba, ayin, limatchulidwa kukhosi ndipo m'Chigiriki mulibe. Alembi a pambuyo pake anaika kachizindikiro kampweya pamwamba pa lembo loyamba, ndipo Chilatini chinakalemba ngati h. Choncho h wa mu Mhebri si wa eni dzina. B. F. Westcott ndi F. J. A. Hort, m'Chipangano Chatsopano cha Chigiriki chimene anasindikiza mu 1881, analemba mawuwa popanda mpweyawo, ndipo Chitaliyana mpaka lero chimati ebreo.

Omasulira a Septuagint nthawi zina ankawerenga mawuwa mosiyana. Malembo a Chihebri otchedwa resh ndi dalet amafanana kwambiri, motero pa Yona 1:9 womasulira anaona mawu otanthauza mtumiki wa Ambuye m'malo mwa Mhebri.

Mawu akuti Hebraisti akupezeka koyamba m'mawu otsogolera buku la Sira, limene lili m'Baibulo la Akatolika. Mdzukulu wa wolemba bukulo anafika ku Igupto mu 132 BC, n'kumasulira buku la agogo ake m'Chigiriki, ndipo anapempha owerenga kuti amukhululukire chifukwa mawu a Chihebri amachepa mphamvu akasamutsidwira m'chilankhulo china. Kuyambira nthawi imeneyo dzina lakuti Hebraios linayamba kumveka laulemu. Mabuku a Yuditi ndi 2 Amakabeo amaligwiritsa ntchito ponena za anthu okhulupirika pa chipembedzo cha makolo, ndipo Philo wa ku Alexandria ndi Josephus amatchula makolo akale a mtunduwo kuti Hebraioi. Ku Korinto ofukula zakale anapeza chidutswa cha mwala wa pamwamba pa khomo chokhala ndi malembo amene amawerengedwa kuti sunagoge wa Ahebri, ndipo dzina lomweli likupezeka pa manda a Ayuda a ku Roma.

M'Chipangano Chatsopano

Machitidwe 6:1 ndi ndime imene imaonetsa bwino tanthauzo latsopanoli. Mumpingo woyamba wa ku Yerusalemu munabuka dandaulo pakati pa magulu awiri, Hellenistai ndi Hebraioi, chifukwa amasiye a gulu loyamba ankaiwalidwa pogawa chakudya cha tsiku ndi tsiku. Magulu onsewa anali Ayuda, ndipo onse anali otsatira Yesu. Chimene chinkawasiyanitsa chinali chilankhulo cha pakhomo ndi cha m'sunagoge. Oyambawo ankalankhula Chigiriki, ambiri a iwo atabadwira kunja n'kubwerera kwawo atakula. Achiwiriwo ankalankhula Chiaramu kapena Chihebri. Atumwi anathetsa nkhaniyo pouza mpingo kuti usankhe amuna asanu ndi awiri oyang'anira magawidwe, ndipo onse amene anasankhidwa, kuyambira Stefano ndi Filipo mpaka Nikolao wa ku Antiokeya, anali ndi maina a Chigiriki. Pandime imeneyi Mhebri si dzina la Myuda aliyense. Ndi Myuda amene sanataye chilankhulo cha kwawo.

Paulo akugwiritsa ntchito dzinali kawiri podziteteza. Pa 2 Akorinto 11:22 akundandalika maina atatu amene otsutsana naye ankadzitama nawo, Ahebri, Aisraele ndi mbewu ya Abrahamu, n'kunena kuti onsewo ndi akenso. Pa Afilipi 3:5 akubwereza dzinali kawiri m'chiganizo chimodzi pofuna kunena kuti iye ndi Mhebri wobadwa kwa makolo Achihebri. Paulo anabadwira ku Tariso, mzinda wolankhula Chigiriki, ndipo makalata ake onse ndi a m'Chigiriki. Zinali zosavuta kumunena kuti ndi mtchona wosadziwa za kwawo. Yankho lake linali lakuti chilankhulo ndi mwambo wa makolo anayamwira, ndipo anaphunzira ku Yerusalemu kwa Gamaliele. Machitidwe 21 ndi 22 akuonetsa zimenezi zikuchitika: Paulo akulankhula Chigiriki ndi mkulu wa asilikali a Chiroma, kenaka akuima pamakwerero n'kulankhula kwa khamu m'Chihebri, ndipo anthu amene ankafuna kumupha atamva chilankhulo chawo anakhala chete.

Funso limene akatswiri akhala akukangana ndi lakuti Chihebri chotchulidwa m'ndime zimenezi chinali chiti kwenikweni. Maina ena amene Yohane akuti ndi a Chihebri, monga Gabata ndi Gologota, ali ndi mathero a Chiaramu, ndipo ambiri amawerengeranso Raboni pagulu lomwelo. Chifukwa cha ichi Mabaibulo ena amalemba Chiaramu pamalo amenewa. Koma Abadoni ndi Harmagedo a m'Chivumbulutso ndi Chihebri chenicheni. Komanso Chigiriki chinali ndi mawu akeake otchulira Chiaramu, Syristi, amene Septuagint imawagwiritsa ntchito pa 2 Mafumu 18:26, Ezara 4:7 ndi Danieli 2:4. Mipukutu imene inayamba kupezeka mu 1947 m'mapanga a ku Qumran pafupi ndi Nyanja Yakufa, yambiri ili m'Chihebri, ndipo makalata a Simon bar Kokhba, mtsogoleri wa nkhondo ya 132 mpaka 135 AD, ali m'Chihebri, m'Chiaramu ndi m'Chigiriki. Izi zinasonyeza kuti Chihebri chinali chisanafe m'masiku a Yesu. Chomveka n'chakuti olemba ena ankati Hebraisti ponena za chilankhulo cha Ayuda a ku Palestina mosasiyanitsa ziwirizo, ndipo liwu lililonse liyenera kuyesedwa palokha.

Kalata ya kwa Ahebri ili ndi dzinali pamutu pokha. M'mitu yake yonse 13 mawu akuti Hebraios mulibe, ndipo wolemba sanadzitchule dzina. Mutu wakuti Pros Hebraious unawonjezeredwa ndi osonkhanitsa makalata, ndipo ukupezeka kale m'buku la gumbwa lotchedwa P46, lolembedwa cha mu 200 AD, momwe kalatayi yaikidwa pambuyo pa Aroma. Chigiriki cha m'kalatayi ndi chimodzi mwa zosalala kwambiri m'Chipangano Chatsopano chonse, ndipo ndime za m'Chipangano Chakale zimene ikutchula zachokera mu Septuagint. Oika mutuwo ankatanthauza Akhristu ochokera m'Chiyuda, osati olankhula Chihebri okha.

Kufika m'Chichewa

Jerome, amene anamasulira Chipangano Chakale kuchokera m'Chihebri kupita m'Chilatini ali ku Betelehemu cha pakati pa 390 ndi 405 AD, anakhazikitsa kalembedwe kakuti Hebraeus. Kuchokera pamenepo panatuluka Hebrew wa Chingerezi ndi hebreu wa Chipwitikizi, amene amamveka ku Tete ndi ku Niassa. M'Chigiriki chamakono, m'Chitaliyana ndi m'Chirasha mawu ochokera ku Hebraios ndiwo dzina wamba la Myuda.

Mishoni ya Blantyre inakhazikitsidwa mu 1876 ndi a Church of Scotland. David Clement Scott, amene anafika mu 1881 n'kutsogolera ntchito yomanga tchalitchi cha St Michael and All Angels pakati pa 1888 ndi 1891, anasindikiza mtanthauziramawu wa Chimang'anja mu 1892 ndipo anamasulira mabuku a Uthenga Wabwino. Robert Laws wa ku Livingstonia anali atatulutsa kale Chipangano Chatsopano m'Chinyanja mu 1886, ndipo William Percival Johnson wa mpingo wa Anglican anatulutsa Baibulo lonse m'Chinyanja cha ku Likoma mu 1912. Mu 1900 mamishoni anagwirizana zopanga Baibulo limodzi loti lizimveka kummwera ndi pakati pomwe. Alexander Hetherwick wa ku Blantyre ndi William H. Murray wa Dutch Reformed Church ku Mvera anatsogolera ntchitoyo mothandizana ndi aphunzitsi a Chimalawi, ndipo Buku Lopatulika linatuluka mu 1922. Akatolika anatulutsa Malembo Oyera mu 1966, ndipo Buku Loyera, limene Akatolika ndi mipingo ina anagwirira limodzi, linatuluka mu 1998. Bungwe la Bible Society of Malawi, limene likulu lake lili mu Blantyre, ndilo limafalitsa Buku Lopatulika ndi Buku Loyera.

Makope akale a Buku Lopatulika amalemba kuti Cihebri, monga amalembera Cipangano Catsopano, chifukwa kalembedwe ka nthawiyo kankagwiritsa ntchito c payekha. Chichewa chitasankhidwa kukhala chilankhulo cha fuko mu 1968, malamulo a kalembedwe a mu 1973 anakhazikitsa ch. Baibulo lomwelo limatchula Agiriki kuti Ahelene, kutsata dzina limene eni ake amadzitchula. Katchulidwe nako kali ndi nkhani yake. Maphatikizo a Chichewa salola b kugundana ndi r popanda lembo la liwu pakati, motero mkulu wa mpingo akaima kutsogolo kulengeza kuti mawu awerengedwa kuchokera pa Ahebri mutu 11, chimene chimatuluka pakamwa nthawi zambiri ndi Aheberi kapena Ahebele, ngakhale diso likuona Ahebri. Mabuku a Mboni za Yehova amalemba motsata katchulidweko, Aheberi ndi Chiheberi.

Mhebri, Mwisraele ndi Myuda

M'maulaliki maina atatuwa amasinthanitsidwa ngati ndi amodzi, koma Baibulo limawasiyanitsa. Israele ndi dzina limene Yakobo anapatsidwa, ndipo ndilo mtunduwo unkadzitchula pakati pa eni okhaokha ndi pamaso pa Mulungu. Kunja kwa Baibulo likupezeka koyamba pamwala wa Farao Merneptah wa cha mu 1208 BC. Myuda poyamba anali munthu wa fuko kapena wa ufumu wa Yuda, ndipo dzinali linafalikira kwa mtundu wonse pambuyo pa ukapolo wa ku Babulo umene unatsatira kugwa kwa Yerusalemu cha mu 587 BC. Mhebri ndi dzina la pamalire: mu Genesis, Eksodo ndi 1 Samueli ndi la wobwera pamaso pa eni dziko, m'malamulo a Mose ndi la kapolo woyenera kumasulidwa, mu Machitidwe ndi m'makalata a Paulo ndi la Myuda wosunga chilankhulo cha makolo, ndipo pamutu wa kalata ya kwa Ahebri ndi la Mkhristu wochokera m'Chiyuda. Tanthauzo lake pa ndime iliyonse limadziwika poona amene akulankhula, amene akuuzidwa, ndi nthawi imene bukulo linalembedwa.